Zimene ofufuza apeza posachedwa: chimanga chathu, udzudzu ndi nyanja ya Chilwa

Anambewe (Chinamwali):
Moni nonse a m'gulu. Ndikufuna tikambeko za kafukufuku wa zaka zaposachedwapa amene akukhudza ife a ku Zomba mwachindunji, ndipo tifike pa manambala ake enieni. Ndiyambe ndi chimanga. Mu 2021 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa ku Malawi ndi ku Ethiopia wosonyeza kuti michere monga seleniyamu ndi zinki imasiyana kwambiri m'mbewu kutengera dera limene zalimidwa. Alipo angatifotokozere kuti kusiyanaku kumachokera pati? Nanga mlimi wa ku Jali kapena ku Mayaka achitepo chiyani?

Achisale (Thondwe):
Zikomo Anambewe. Gwero lake ndi nthaka, makamaka pH yake, muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi (nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka). Dr Allan Chilimba ndi anzawo anali atazionetsa kale mu 2011: chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chinali ndi seleniyamu wochepa zedi, pafupifupi maikulogalamu 19 pa kilogalamu, koma cha pa makande amene pH yake imaposa 6.5, monga a ku chigwa cha Shire, chinali ndi wochuluka mpaka kakhumi. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu.

Pa katondo wofiira wa asidi, seleniyamu alimo ndithu m'nthaka, koma amakhala mu mtundu wotchedwa selenite, umene umamatirira zolimba ku chitsulo chimene chimafiiritsa dothilo. Mizu singathe kumuchotsa pamenepo. Pa nthaka ya pH yokwera amakhala mu mtundu wa selenate, wosungunuka m'madzi, ndipo mbewu imamuyamwa kudzera njira yomweyo imene imayamwira salufa. Choncho alimi awiri akhoza kubzala mbewu imodzi, kuthira feteleza mmodzi, kukolola matumba ofanana, koma nsima yawo n'kukhala yosiyana m'thupi.

Anabanda (Matawale):
Ndiwonjezere za m'thupi. Munthu wamkulu amafunika maikulogalamu pafupifupi 55 pa tsiku. Ndi chimanga cha maikulogalamu 19 pa kilogalamu, ngakhale mutadya theka la kilogalamu ya ufa simufika ndi 10 omwe. Magazi amene anatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 atayezedwa, amayi oposa 60 pa 100 alionse a msinkhu wobereka anapezeka ndi seleniyamu wosakwanira. Zinki nayenso anali wochepa mwa anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse. Vuto ili silioneka ndi maso. Munthu wakhuta, akulima, koma chitetezo cha m'thupi ndi kagwiridwe ntchito ka chithokomiro zikupunduka pang'onopang'ono.

Che Saidi (Kachulu):
Ndiye kuti ife a m'mbali mwa Chilwa, poti tili ndi makande, tili bwino?

Achisale (Thondwe):
Ayi Che Saidi, musadalire mtundu wa dothi wokha. Kuda kwa nthaka si umboni wa pH. Yezetsani, ndipo samalani katengedwe ka dothi, chifukwa zolakwika zambiri zimachitika dothi lisanafike ku labu.

Yendani mokhotakhota m'munda wonse n'kutenga dothi pa malo 15 kapena 20, kuchokera pamwamba mpaka masentimita 20 pansi. Pa munda wa mizere tengani m'mbali mwa mzere, osati pansi pa ngalande ndipo osati pa phando pamene panathiridwa feteleza. Lambalalani chulu, pamene panatenthedwa mapesi, pa khola lakale ndi m'mphepete mwa msewu. Phulusa limakweza pH, ndiye dothi la pamalo amodzi otere likhoza kunamiza munda wonse. Sakanizani zonse mu ndowa ya pulasitiki. Ya malata ayi, chifukwa malata amakutidwa ndi zinki ndipo zotsatira zidzaonetsa zinki wochuluka amene m'munda mulibe. Tapanipo theka la kilogalamu, yanikani pamthunzi, phwanyani zibuma, sefani ndi sefa ya mamilimita 2. Ngati munda uli ndi mbali ya kumtunda ndi ya kudambo, amenewo ndi matumba awiri osiyana, musaphatikize.

Ankhoma (Chirunga):
Pa labu napo pali msampha umene ndimauona kawirikawiri m'malipoti. Njira yodziwika ndi magalamu 10 a dothi m'mamililita 25 a madzi oyeretsedwa a m'labu (distilled water), kugwedeza, kudikira mphindi 30, kenako kuyeza ndi makina amene ayamba ayesedwa pa pH 4 ndi pH 7. Koma malabu ena amayezera mu calcium chloride, ndipo nambala yake imatsika ndi pafupifupi 0.5 poyerekeza ndi ya m'madzi. Wina akaika 5.2 ya njira ina pambali pa 5.7 ya njira inzake, amalengeza kuti nthaka yaonongeka, pamene dothi lake ndi lomwelo. Funsani nthawi zonse kuti anayezera m'chiyani.

Chimanga choti chiyezedwe michere chitongoledwe ndi manja, chisapite ku chigayo wamba, poti zitsulo za chigayo zimasiya chitsulo mu ufa. Seleniyamu wochepa chonchi amayezedwa ndi makina a ICP-MS, tizipangizo ta m'thumba sitingamuone.

Anambewe (Chinamwali):
Nanga njira yothetsera vutoli inayesedwa pa anthu, kapena zinathera m'munda?

Anabanda (Matawale):
Inayesedwa. Mu 2019, kwa Wimbe ku Kasungu, mabanja anapatsidwa ufa kwa masabata 8, ena wa chimanga chothiridwa seleniyamu m'munda, ena wa chimanga wamba, popanda wodya kudziwa kuti walandira uti. Mwa amayi ndi ana a sukulu amene anadya ufa wothiridwawo, seleniyamu wa m'magazi anakwera pafupifupi kawiri, pamene mwa enawo sizinasinthe kwenikweni. Ine ndimaukhulupirira kafukufuku ameneyu chifukwa sanasinthe kadyedwe ka munthu. Nsima inali yomweyo.

Amwale (Sadzi):
Ndiye tingogula mankhwalawo tizipopera tokha?

Achisale (Thondwe):
Chonde achimwene, ayi. Muyezo wake ndi wochepa moopsa. Poyesa m'minda ya kuno anapeza kuti galamu imodzi ya seleniyamu pa hekitala imakweza wa m'chimanga ndi maikulogalamu 15 mpaka 21 pa kilogalamu. Magalamu 10 pa hekitala ndiye kuti akwanira kusintha zinthu. Sodium selenate ali ndi seleniyamu pafupifupi 42 pa 100, choncho magalamu 10 amenewo ndi magalamu 24 a mankhwalawo pa hekitala yonse, kapena magalamu 10 pa ekala. Munthu wopanda sikelo yabwino akalakwitsa kakhumi, chakudya chimasanduka poizoni. Malire a munthu wamkulu ndi maikulogalamu 400 pa tsiku, ndipo kupitirira apo kwa nthawi yaitali tsitsi limathothoka, zikhadabo zimasweka. Mankhwala osasungunulawo ndi oopsa kwa wopopera, kwa ana ndi kwa ziweto.

Njira yanzeru ndi imene Finland inatenga kuyambira 1984, kuika selenate mu feteleza ku fakitale, kuti mlimi asamayeze yekha. Ife tinayamba kale kuchita zofanana ndi zinki: feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1Zn ali ndi zinki, pamene wakale uja wa 23:21:0+4S analibe. Chinanso, selenate satsalira m'nthaka kudikira chaka chamawa, amafunika kuthira chaka ndi chaka.

Che Saidi (Kachulu):
Pamene tikudikira za ku fakitale, matemba alipo. Nsomba zazing'ono zodyedwa zathunthu, mutu ndi minga zomwe, zimapereka seleniyamu, zinki ndi kashiamu. Ndipo anthu abwerere ku mgaiwa, ufa woyera ndi wongokhutitsa.

Anabanda (Matawale):
Za matemba ndi usipa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Za mgaiwa ndivomera theka, bambo. N'zoona kuti kukonola kumachotsa gaga ndi kamtima ka njere, kumene kuli zinki wambiri. Koma komweko n'kumenenso kuli phytate, amene amamanga zinki ndi ayironi m'matumbo kuti thupi lisayamwe. Mgaiwa uli ndi zinki wochuluka komanso phytate wochuluka. Kuviika mphale, kumeretsa chimera ndi kusasitsa, monga timachitira ndi thobwa, kumachepetsa phytate. Ndiye kwa mwana wamng'ono, phala la mgaiwa lokha si yankho. Muikemo nsinjiro ndi ufa wa matemba osinja.

Anambewe (Chinamwali):
Achisale, muli pafupi ndi malo ofufuzira zaulimi a Makoka. Za mitengo ya gilisidiya yobzala m'munda wa chimanga zija zili pati? Ena amati ndi zongokometsa malipoti.

Achisale (Thondwe):
Si zokometsa. Munda woyesera wa ku Makoka unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo ndi umodzi mwa yakale kwambiri ya mtundu wake kuno kum'mwera kwa Africa. Pa zaka zoposa khumi, chimanga cha pakati pa gilisidiya chopanda feteleza chinkabereka pafupifupi katatu kuposa chimanga chokha chopanda feteleza. Kuonjezera nayitrojeni wochepa, makilogalamu 23 kapena 46 pa hekitala m'malo mwa 92, kunkakweza zokolola koposa.

Kabzalidwe kake: mitengo imalowa m'ngalande, kudumpha ngalande imodzi, masentimita 90 pakati pa mtengo ndi unzake, mita imodzi ndi theka pakati pa mizere ya mitengo. Zimakwana mitengo pafupifupi 7,400 pa hekitala. Ikakhwima mumaidula pa msinkhu wa masentimita 30, ndipo mphukira mumazisadza kawiri kapena katatu pa nyengo. Masamba ndi tinthambi tanthete mumakwirira mu mzere akadali aawisi, nthambi zokhwima n'kukhala nkhuni.

Anthu amagwa mphwayi chifukwa zaka ziwiri zoyamba phindu silioneka, mitengo ikumanga mizu. Ena amachedwa kusadza, mitengo n'kuphimba chimanga chikadali chaching'ono, kenako amati gilisidiya amapha mbewu. Ena amangoyala masamba pamwamba pa dzuwa la Okutobala, nayitrojeni wambiri n'kutayika. Ndipo ntchito yosadza imagwa nthawi imodzi ndi kupalira, zimene ofufuza ena saziwerengera mokwanira. Kwa mayi wolima yekha ekala, imeneyo si nkhani yaing'ono. M'chilimwe mbuzi zongoyendayenda ndi moto wa osaka mbewa zimatha mbande zambiri.

Amwale (Sadzi):
Ndiloleni ndilowetse za udzudzu, chifukwa kumeneko zinthu zasintha kwambiri. Udzudzu wofalitsa malungo wa Anopheles funestus, umene umaswana m'madzi okhalitsa a zomera monga m'madambo ozungulira Chilwa, unasiya kufa ndi mankhwala a pyrethroid amene ali m'masikito akale. Gulu la Prof Charles Wondji linapeza chifukwa chake mu udzudzu wa kuno ku Malawi: jini yotchedwa CYP6P9a imagwira ntchito mopitirira, udzudzu n'kumapanga ma enzyme ochuluka amene amaphwanya mankhwalawo asanafike ku mitsempha.

Mayankho alipo awiri. Masikito a PBO ali ndi mankhwala otsekereza ma enzyme amenewo kuti pyrethroid agwirenso ntchito. Masikito a chlorfenapyr, monga Interceptor G2, amachita mochenjera kuposa apo: chlorfenapyr payekha sapha, amasanduka poizoni akaphwanyidwa ndi ma enzyme a udzudzu womwewo, ndipo amaimitsa kapangidwe ka mphamvu m'maselo. Ku Misungwi ku Tanzania, masikito amenewa anachepetsa malungo mwa ana ndi 44 pa 100 pa zaka ziwiri poyerekeza ndi masikito wamba. Ku Benin anapeza 46 pa 100. Bungwe la WHO linawavomereza mu Malichi 2023.

Ankhoma (Chirunga):
Amwale, fotokozani mmene amadziwira kuti udzudzu wa dera lakutilakuti wapirira mankhwala. Ambiri amangoti ndaona udzudzu utatera pa neti, ndiye kuti neti ndi yabodza.

Amwale (Sadzi):
Kutera pa neti si umboni, makamaka ya chlorfenapyr imene imapha mochedwa. Kuyeza kwake kuli motere. Mumatenga udzudzu waukazi wa masiku 3 mpaka 5, umene sunayamwepo magazi. M'chubu chilichonse mumaikamo 25. Machubu anayi amakhala ndi pepala la mankhwala, mwachitsanzo deltamethrin wa 0.05 pa 100 kapena permethrin wa 0.75 pa 100, ndipo awiri amakhala ndi pepala lopanda mankhwala. Udzudzu umakhalamo ola limodzi, kenako mumausamutsira m'machubu oyera ndi thonje la madzi a shuga, n'kuwerenga wakufa patapita maola 24. Ukafa 98 pa 100 kapena kuposa, mankhwala akugwira. Pakati pa 90 ndi 97 mukukayikira, bwerezani. Pansi pa 90 ndiye kuti wapirira.

Zimene zimaononga zotsatira ndi izi. M'machubu opanda mankhwala ukafa woposa 20 pa 100, tayani zonse, chifukwa chapha udzudzu ndi kutentha kapena kagwiridwe kanu. Ukafa pakati pa 5 ndi 20, mumakonza nambala ndi njira ya masamu ya Abbott, yochotsera udzudzu wofa wokha popanda mankhwala. Chipinda chikhale pa madigiri 27, kusiyana kusapitirire 2 uku ndi uku. M'nyengo yozizira ya Juni kuno ku Zomba chipinda chimatsika pansi pa apo, ndipo chlorfenapyr amaoneka ngati wofooka chifukwa thupi la udzudzu likugwira ntchito pang'onopang'ono. Iyeyu amayezedwa m'botolo lopakidwa maikulogalamu 100, ndipo mumadikira maola 72, osati 24. Wowerenga pa maola 24 adzalemba kuti mankhwala sakugwira pamene akugwira.

Funestus ngovuta kuweta. Mphutsi zake sizipezeka mosavuta m'zithaphwi ngati za udzudzu wina wa malungo wotchedwa gambiae. Ofufuza amagwira waukazi wokhuta magazi m'nyumba m'mamawa, kuusunga masiku angapo, kenako kuika umodziumodzi m'tichubu ta mamililita 1.5 tokhala ndi pepala lonyowa kuti uikire mazira. Ana a mazira amenewo ndiwo amayezedwa.

Anabanda (Matawale):
Pakhomo ndiye tichite chiyani ndi neti yatsopano?

Amwale (Sadzi):
Iyanikeni pamthunzi maola 24 musanagonemo, kuti isakuyabweni. Chapani pokhapokha yada, ndi sopo wamba ndi madzi ozizira, osaikhutiza pamwala, osaiyanika padzuwa. Neti imayesedwa kuti ipirire kuchapa ka 20, kumene kumayerekezedwa ndi zaka zitatu. Wochapa sabata ndi sabata amaimaliza miyezi isanu isanathe. PBO amatha msanga kuposa pyrethroid. Madzi ochapira musathire mu mtsinje kapena pa dziwe la nsomba, pyrethroid amapha nsomba. Bowo lisokedwe likadali laling'ono.

Anambewe (Chinamwali):
Nanga katemera wa malungo? Makolo ena akuti mwana akabayidwa neti siyofunikanso.

Anabanda (Matawale):
Maganizo amenewo ndi oopsa, tiwakonze paliponse tikawamva. Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa RTS,S, mu Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Kuunika kwa m'maiko atatuwa kunapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100, ndipo ogonekedwa ndi malungo aakulu anatsika ndi 22 pa 100. Manambala amenewa anapezeka m'madera amene ana ankagonanso m'masikito. Katemera amachepetsa, satseka khomo. Kuno amaperekedwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayi ndi amene ambiri amamuphonya chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi amaleka kupita ku sikelo. Chitetezo chimazilala ndi nthawi, n'chifukwa chake wachinayiyo alipo. Katemera wachiwiri, R21, anavomerezedwa ndi WHO mu Okutobala 2023.

Che Saidi (Kachulu):
Za masikito zikundikhudza mbali ina. Maso a neti ya udzudzu ndi aang'ono kwambiri moti ikakokedwa m'madzi imatenga ndi tiana ta nsomba tomwe. Ku Chilwa zimenezi zimapweteka kawiri chifukwa cha mmene nyanjayi ilili. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, n'kutaya madzi ndi dzuwa basi. Ndi yosaya, mamita ochepa chabe, ndiye mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope, mabwato ali pamtunda pa Kachulu.

Chimene ofufuza anaonetsa n'chakuti nsomba zimabwerera kuchokera m'maiwe otsalira m'mitsinje ndi m'madambo a njedza. Matemba ndi makumba zimathawira kumeneko madzi a m'nyanja akayamba kuchuluka mchere ndi kuchepa mpweya. Mlamba umapirira kwambiri chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja. Choncho chaka chimene nyanja yauma, maiwe a mu Likangala ndi Domasi ndiwo nkhokwe ya mbewu. Wothira katupe kapena wokoka neti ya udzudzu m'dziwe limodzi lotere amachedwetsa nyanja yonse kuchira.

Ankhoma (Chirunga):
M'mitsinje yomweyo muli kansomba kamene katchuka pa sayansi ya majini, Astatotilapia calliptera. Mu 2018 ofufuza anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'banja la mbuna ndi utaka. Anapeza kuti mitundu yosiyana maonekedwe ndi kadyedwe imasiyana DNA ndi 0.1 mpaka 0.25 pa 100 pokha, pamene munthu ndi chimpanzi amasiyana ndi kupitirira 1 pa 100. Mitundu mazanamazana ya m'nyanja ya Malawi inatuluka m'zaka zosakwana 1,000,000, ndipo yakhala ikukwatirana ndi kupatsana majini m'njira. Calliptera ali m'banja lomwelo, koma iye amakhalanso m'mitsinje ndi m'madambo, kuphatikizapo chigwa cha Chilwa.

Kwa ophunzira ofuna kutenga zitsanzo: dulani kachidutswa ka chipsepse, ikani mu ethanol wa 95 pa 100 kapena kuposa, wochuluka kakhumi kuposa kachidutswako. Mu formalin ayi, amaononga DNA. Lumo litsukidwe mukatha nsomba iliyonse, ndipo chizindikiro chilembedwe ndi pensulo, inki imasungunuka mu ethanol.

Achisale (Thondwe):
Zimenezi zili ndi phunziro kwa a maiwe a nsomba. Ngati nsomba za m'banja limodzi zimakwatirana mosavuta chonchi, kubweretsa nsomba yachilendo ya Nile tilapia mozemba n'kutaya makumba ndi chambo chathu, chifukwa dziwe likasefukira zonse zimathera mu mtsinje. Mbewu ya nsomba itengedwe ku malo odziwika monga ku National Aquaculture Centre ku Domasi.

Che Saidi (Kachulu):
Zoona bambo. Kusamutsa nsomba mwachisawawa kumafalitsanso matenda a zilonda aja a EUS, amene anapezeka ku Mchinji mu 2020. Maukonde ochokera ku madzi ena aumitsidwe padzuwa mpaka gwa asanalowe m'dziwe lina.

Anambewe (Chinamwali):
Funso lina limene ana a sukulu amafunsa: kodi namondwe Freddy anabwera chifukwa cha kusintha kwa nyengo? Tiziyankha bwanji mosanama?

Ankhoma (Chirunga):
Tisiyanitse zinthu ziwiri. Namondwe amabadwa pa nyanja ya mchere yofunda, ndipo anamondwe analipo kalekale. Chimene sayansi imanena motsimikiza n'chakuti mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100, choncho namondwe yemweyo amagwetsa mvula yambiri. Freddy, amene anatigwera mu Malichi 2023, anatsimikizidwa ndi bungwe la zanyengo la padziko lonse la WMO mu 2024 kuti ndiye namondwe wokhalitsa kuposa onse olembedwa, masiku 36.

Gulu la World Weather Attribution litaunika mvula ya namondwe Ana ndi anamondwe ena a kumayambiriro kwa 2022, linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaonjezera mvulayo, koma linalephera kunena kuti ndi zingati pa 100. Chifukwa chake chimandipweteka mtima: malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku wa zaka zambiri wosadukiza anali ochepa kwambiri m'chigawo chino. Ma satelayiti amathandiza, koma pa malo ngati athu, pamene mvula ya pa phiri la Zomba imasiyana kutalitali ndi ya ku Kachulu pa mtunda waufupi, amafunika kuwongoleredwa ndi zoyeza za pansi.

Amwale (Sadzi):
Ndiye sukulu kapena kalabu ya alimi ingathe kuthandizapo? Zimafunika chiyani?

Ankhoma (Chirunga):
Ingathe, ndipo sizodula. Choyezera chovomerezeka chili ndi kamwa la mamilimita 127, ndipo chimabwera ndi botolo lake loyezera. Botolo la choyezera china musaligwiritse ntchito, chifukwa mizere yake inawerengedwa molingana ndi kukula kwa kamwa. Chiikeni poyera, kutali ndi mtengo kapena nyumba kosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho; mtengo wa mamita 10, choyezera chikhale mamita 20 kapena kuposa. Kamwa likhale lolunjika kumwamba, losapendekeka. Padenga ayi, mphepo ya pamwamba imauluza madontho ndipo mumapeza mvula yochepa.

Muziwerenga 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, ndipo nambalayo ilembedwe pa tsiku la dzulo, chifukwa maola ambiri a mvulayo ndi a dzulo. Diso likhale pa mulingo wa madzi, muwerenge pansi pa kupindika kwake. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye mamilimita 50 pa hekitala ndi malita 500,000.

Cholakwika chachikulu ndi cha m'kaundula. Tsiku lopanda mvula lembani 0. Tsiku limene palibe anawerenga siyani malowo osalembapo, musalembe 0. Zikasakanizika ziwirizi, chaka chonse chimaoneka chouma kuposa mmene chinalili ndipo wofufuza amangochitaya. Mukaphonya Loweruka ndi Lamulungu, lembani kuti nambala ya Lolemba ndi ya masiku atatu.

Anabanda (Matawale):
Pa sukulu vuto likhala tchuthi cha Disembala, mvula ili pachimake.

Che Saidi (Kachulu):
Ndi mvula yamkuntho ngati ya Freddy, choyezera sichidzadza n'kutayikira?

Ankhoma (Chirunga):
Anabanda, pa tchuthi kaundula apatsidwe kwa mphunzitsi wokhala pa sukulu pomwepo kapena mlonda, ndipo aphunzitsidwe sukulu isanatsekere. Anthu akhale awiri, wina akadwala wina awerenge.

Che Saidi, chimadzadza. Botolo la mkati likasefukira madzi amagwera m'chitini chakunja, ndiye muyeze onse pang'onopang'ono, kuthira m'botolo loyezera kangapo n'kuphatikiza manambala, osataya madzi musanalembe. Tsiku la mvula yoopsa muwerenge kawiri kapena katatu, kulemba ola lililonse limene mwakhuthula, kenako muphatikize pa 8 koloko. Koma ngati choyezera chili kutsidya kwa mtsinje wodzadza kapena m'munsi mwa phiri pamene nthaka ikugumuka, musapiteko. Lembani kuti chinasefukira ndi tsiku lake. Musanayambe, kaonaneni ndi a zanyengo kapena alangizi a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanu kuti akuonetseni fomu imene amagwiritsa ntchito, kuti manambala anu alowe m'kaundula mmodzi ndi a ena.